Ka MP3 paulendo wa Mulanje, Zomba ndi kunyanja

Lolemba, ku Blantyre

Ka MP3 kakati kakuvutitseni kuphiri, vutolo limakhala litayambira pa kompyuta musananyamuke. N'chifukwa chake tsiku la lero lathera pathebulo.

Tanyamula tizipangizo 3. Koyamba n'ka mahedifoni a chingwe, kokhala ndi chopanira pamalaya komanso polowetsa memori khadi. Kachiwiri n'kotchipa, kopanda dzina, kogula mumsika. Kachitatu n'kosambira nako, kadikira kunyanja. Foni ikhala m'chikwama yozimitsa. Imalemera magalamu 180 kapena 200, imagundagunda m'thumba pothamanga, ndipo kuphiri batire yake ndi yoimbira pakagwa vuto, osati yovinira. Tambiri mwa tizipangizo ta nyimbo sitifika ndi magalamu 30 omwe.

Amene mukufuna kugula, dziwani izi. Apple inasiya kupanga iPod Shuffle mu 2017, choncho iliyonse yomwe mungapeze lero batire yake yakalamba. Imatchajidwa kudzera pabowo la mahedifoni ndi kachingwe kakekake, ndipo kachingweko kakatayika mwagwira njakata. SanDisk Clip Sport ndi Clip Jam zimalandira memori khadi, ndipo pa kompyuta zimaoneka ngati fulashi wamba, mumangokokeramo nyimbo. Opanga amati yoyambayo imalira maola 25, inayo 18. Maola otere amawerengedwa voliyumu ili pakatikati, sikirini ili yozima, ndiye inu chotseraniko.

Memori khadi isapitirire 32GB. Makhadi a 32GB kutsika m'munsi amabwera ali mu FAT32, njira yosanjira mafayilo pakhadi yomwe pafupifupi kachipangizo kalikonse kamawerenga. A 64GB kupita m'mwamba amabwera mu njira ina yotchedwa exFAT, ndipo tizipangizo tambiri timangoti mulibe khadi. Kukula konseko n'kwachiyani? Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps (muyeso wa deta yomwe nyimbo imatenga pa sekondi) imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, kutanthauza kuti 1GB imanyamula maola 17, ndipo 8GB imapitirira maola 130. Ya 320 kbps imadya malo kuwirikiza kawiri ndi theka, koma munthu akupumira m'mwamba, mphepo ikuwomba m'makutu, kusiyanako sakumva.

Makhadi achinyengo ndi ambiri. Pamwamba palembedwa 32GB, kompyuta nayo ikuvomereza, koma malo enieni ndi ochepa. Chizindikiro chake n'chakuti nyimbo zomwe munayamba kuika zimalira, zomalizira maina ake amaoneka koma zii. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imakuuzani pomwe malo enieni athera. Yesani musanaikemo kanthu.

China chimene chimasokoneza anthu ndi nyimbo zolandira pa WhatsApp. Zina zimakhala .m4a kapena .opus, pamene kotchipa kaja kamangodziwa MP3. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .mp3 sikusintha kanthu, kuli ngati kulemba "shuga" pachitini cha mchere. Isembenuzeni kukhala MP3 ndi pulogalamu ya VLC kapena Audacity. Mukatero, zipititseni zonse mu pulogalamu ya MP3Gain pa mlingo wake wa 89 kuti voliyumu yake ikhale yofanana. Mukapanda kutero, nyimbo yakale yojambulidwa motsitsa imakukwezetsani voliyumu, yotsatira n'kukuboolani khutu manja ali pandodo.

Nyimbo zisanjeni potengera liwiro, osati woimba. Werengani kugunda kwa ng'oma kwa masekondi 15, chulukitsani ka 4. Ife tapanga mafoda atatu: "75", "115" ndi "170". Rege yambiri imagwera koyambako, amapiano kwachiwiriko. Maina a nyimbo ayambe ndi 01, 02, 03, koma dziwani kuti tizipangizo totchipa timatsata ndondomeko yomwe mafayilo analowera, osati manambala. Ngati ndondomeko ili yofunika, ikani imodziimodzi.

Lachiwiri, kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe

Minibasi ya ku Mulanje imakutsitsani pa Chitakale, kenako njinga yamoto makilomita ngati 10 pamsewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango, otsogolera njira ndi onyamula katundu. Njira ya Skyline, yopita ku kanyumba kogona alendo ka ku Chambe, imakwera pafupifupi mamita 1,000, ndipo munthu wachikwama amatenga maola 3 kapena 4.

Apa mpomwe kusanja kwa dzulo kwaoneka ntchito yake. Pamalo athyathyathya, munthu woyenda mwachangu amaponda ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo foda ya "115" imamukwana. Pa Skyline mapazi amatsika kufika pa 70 kapena 80. Mwendo umatsata ng'oma mwini wake osadziwa, ndiye mukasiya nyimbo yachangu ikulira, mphindi 20 sizitha mpweya usanakuthereni, phiri musanalithe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Bwererani ku "75", phazi limodzi pa kugunda kumodzi. Muyeso wake ndi woti muzitha kuyankha mnzanu chiganizo chathunthu osaima.

Pomwe mwapanira kachipangizoka m'pofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Palamba wa m'chiuno ayi, chifukwa lamba wa chikwama amadina mabatani, nyimbo n'kumadumphadumpha. Malo abwino ndi palamba wa paphewa, mabatani atayang'ana kunja, bowo la mahedifoni litaloza pansi kuti thukuta ndi mvula zizitsetsereka m'malo molowa. Mukasankha foda, tsekani mabatani. Chingwe chidutse mkati mwa malaya, chitulukire pakhosi, ndipo musiye kachigawo kolendewera kotalika ngati chikhato kuti mukacheuka chisakoke khutu. Onetsetsani kuti kalamba ka pachifuwa sikanachipane. Ngati mukumva "gu gu gu" m'khutu paphazi lililonse, ndi chingwe chikugunda pachifuwa. Chikolekeni pamwamba pa khutu chisanalowe, phokosolo limachepa kwambiri.

Timalabala ta kumapeto kwa mahedifoni timabwera tamasaizi atatu. Kakachepa, mpweya umadutsa m'mbali, besi imasowa, munthu n'kukweza voliyumu kufunafuna besi yomwe sibwera. Thukuta likalowa kamayamba kuterereka. Pukutani khutu ndi kalabalako popuma paliponse.

Thukuta ndilo mdani wamkulu, kuposa mvula. Lili ndi mchere, ndipo mchere umadya chitsulo chomwe mukudutsa magetsi. Zimayamba ndi kuthetheka m'khutu mukagwedeza pulagi, kenako pachitsulo pamabwera zobiriwira. Madzulo aliwonse zulani pulagi, ipukuteni ndi kansalu kouma, m'bowomo chotsanimo ulusi ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena waya ayi.

Lachitatu, kuchoka ku Chambe kukafika ku Chisepo

Chiperoni watipeza panjira, nkhungu ndi kamvula kowaza. Mwezi wa Juni ndi Julaye kuno usiku kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, ndipo m'tinyumba togonamo mulibe magetsi, kuli moto wa nkhuni basi.

Kotchipa kaja kanagona m'thumba la kunja kwa chikwama, ndipo m'mawa kamaonetsa kuti batire yatha chikhalirecho dzulo inali pamwamba pa theka. Sinathe. Batire ya lithium ikazizidwa mphamvu yake imatuluka movutikira, kachipangizo n'kuganiza kuti mulibe kanthu. Katakhala m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, kwa theka la ola, kanadzukanso. Usiku kagonekeni m'chofunda momwe mwagona inumo, pamodzi ndi foni ndi power bank. Musakaothetse moto. Kutentha kumawononga batire kotheratu, pamene kuzizira kumangoibisa mphamvu kwa kanthawi. Komanso musatchaje kakadali kozizira ngati mwala, yambani mwakafunditsa.

Nkhani ya power bank ndi yomwe imagwetsa ulesi anthu ambiri. Mwalumikiza, nyali yayaka, mwagona, m'mawa batire ili pomwe inali. Chifukwa chake n'chakuti ka MP3 kamakoka magetsi ochepa kwambiri, ndiye power bank imaganiza kuti palibe cholumikizidwa n'kudzizimitsa pakangopita masekondi angapo. Zina zili ndi njira yotchajira tinthu ting'onoting'ono, yomwe imayatsidwa podina batani kawiri kapena kuligwira kwa kanthawi. Yesani yanu musanachoke kunyumba. Ngati ilibe, lumikizani foni pabowo lachiwiri nthawi yomweyo. Foniyo imakoka magetsi okwanira kuti power bank ikhale maso, kakang'onoko n'kumadyera pomwepo.

Za kuchuluka kwa magetsi musade nkhawa. Batire ya tizipangizo totere imakhala ya 200 kapena 300 mAh (muyeso wa magetsi omwe batire imasunga). Power bank ya 10,000 mAh imapereka pafupifupi 6,000 zenizeni, zina zimatayika posintha mphamvu, komabe zimenezo ndi zotchajira ka 20. Chosowa chimakhala chingwe. Takale timafuna mini-USB, tina micro-USB, tatsopano USB-C, ndipo kuphiri simubwereka kwa munthu. Tina totchipa ta USB-C sititchajika ndi chingwe cha C mbali zonse ziwiri, timafuna chomwe mbali ina ndi USB yaikulu ija.

Pa chinyontho, werengani zomwe zalembedwa pabokosi. IPX4 ndi kupirira madzi owaza, IPX5 madzi opopera, ndipo zonsezi si zomiza. Kopanda chilembo chilichonse kalowe m'kapulasitiki kotseka pakamwa, chingwe chokha chitulukire pakona yoloza pansi. Mukalowa m'nyumba yofunda kuchokera kozizira, musatsegule kapulasitikiko msanga, chifukwa nthunzi imakhala pachitsulo chozizira ngati mmene imachitira pabotolo lochokera mufiriji. Timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, tiwiri kapena titatu, timathandiza kuposa mpunga umene anthu amakhulupirira.

Masana nkhungu itakhuthala mahedifoni onse anachoka m'makutu. Pamene maso akulekeza mamita ochepa, mawu a wotsogolera ndiwo njira.

Lachinayi, pa Sapitwa

Lero nyimbo zatsala ku Chisepo, kanyumba komwe tagona. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo mbali yaikulu ya njira yake ndi yokwawa pamiyala ndi manja, kupyola m'mipata, kutsata zizindikiro za penti. Chingwe chimakodwa m'zitsamba, ndipo pamafunika kumva wakutsogolo akamati "phazi apa". Alendo ena anasowapo paphiri pano, ena anafera pomwepa. Palibe nyimbo yoyenera malo ano.

Lachisanu, kutsika ndi kupita ku Zomba

Potsika ndi pomwe anthu amalakwitsa kusankha nyimbo. Mpweya wabwerera, thupi likumva kupepuka, dzanja limathamangira foda yachangu. Koma maondo atopa ndi masiku atatu, ndipo miyala ya njira ya Chapaluka, yomwe imatsata mtsinje kudzera cha ku Dziwe la Nkhalamba, imaterera ikanyowa. Khalani pa "75" kapena zimitsani. Othamanga mpikisano wa Porters Race amatsika mapiri ano ngati mbuzi, koma iwo mwala uliwonse amaudziwa.

Mahedifoni amodzi afa khutu limodzi. Kawirikawiri vuto silikhala m'khutumo, timawaya timaduka mkati pomwe chingwe chimakumana ndi pulagi, chifukwa ndi pomwe chimapindika paphazi lililonse. Kuti mutsimikize, siyani nyimbo ikulira, pindani chingwe pang'onopang'ono kuyambira kupulagi. Pomwe mawu abwerere, mpomwe paduka. Amisiri okonza mafoni amatha kudula n'kuwotcherera pulagi ina. Kupewa kwake n'kugula a pulagi yopindika ngati L, kapena kuveka kasipuling'i ka m'bolopeni pamalopo akadali atsopano. Posunga, musakulunge chingwe mothinitsa kuzungulira kachipangizo pulagi ili momwemo.

Olowa m'malo mwake, ogula panjira, ndi a foni, okhala ndi maikolofoni. Yang'anani pulagi: a nyimbo zokha ali ndi mizere iwiri yakuda, a foni itatu. Pa tizipangizo tina a mizere itatu amamveka ngati muli m'mgolo, zoimbira zikumveka koma mawu a woimba atasowa. Si kuwonongeka, ndi zitsulo za m'bowo zomwe sizikugunda malo ake. Mukasolola pulagi pang'ono kapena kugwira batani la maikolofoni, mawu amabwerera, koma simungathamange chotero. Funani a mizere iwiri.

Msewu wodzera ku Phalombe ndi Jali watifikitsa ku Zomba kusanade.

Loweruka, paphiri la Zomba

Kuno ndiye kothamanga. Msewu wa tala umakwera kuchoka m'tauni mpaka ku Ku Chawe, ndipo pamwamba pali misewu yafumbi yodzera ku damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, ina yokafika ku Emperor's View.

Othamanga ambiri amaponda ka 160 mpaka 175 pa mphindi. Nyimbo zachangu chotero n'zochepa, koma palibe vuto: ya 85 imagwira ntchito ya 170 mukamaponda kawiri pa kugunda kumodzi. Kuti mudziwe liwiro lanu, werengani phazi lamanja lokha kwa masekondi 30, chulukitsani ka 4. Ngati mwapeza 156, musalumphire pa 175 tsiku limodzi, akatumba a kumiyendo adzakuuzani mawa lake. Onjezani 5 pa milungu ingapo, pofupikitsa phazi osati pothamanga kwambiri. Pachitunda siyani phazi lifupike, ng'oma ikhale yomweyo.

Pamsewu, galimoto kwathu kuno zimayenda kumanzere, ndiye wapansi akhale kumanja, aziziona zikubwera. Pamakona obisika a msewu wokwera phiri, olokerani mbali yakunja komwe mukuoneka patali. Choopsa kuno si galimoto zokha. Njinga zosenza nkhuni zimatsika mwakachetechete, zolemedwa, mabuleki ake osadalirika. Khutu la kumsewu likhale lotsegula. Ngati kachipangizo kanu kali ndi posankha mono, yotumiza mawu ofanana kumakutu onse awiri, yatsani, apo ayi zoimbira zina zimapita kukhutu lomwe mwachotsalo. Mahedifoni okhala pafupa la kutsogolo kwa khutu, osatseka bowo, amathetsa nkhaniyi, kungoti besi yake ndi yochepa ndipo mtengo ndi wokwera.

Tsono voliyumu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire ma decibel 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa mlungu. Mukakweza ndi 3 okha, nthawi imadulidwa pakati: pa 83 ndi maola 20, pa 86 maola 10, pa 92 maola awiri ndi theka pa mlungu wonse. Tizipangizo tambiri tikakwezedwa mpaka kumapeto timafika 100 kapena kuposa, pomwe malire a mlungu amatha mphindi 30 zisanakwane. Kachipangizo sikakuuzani manambalawa, choncho chitani izi: ikani voliyumu muli m'chipinda mwa phee, isapitirire 6 mwa 10, ndipo mukatuluka musaikhudzenso. Munthu woima potalika mkono umodzi akalankhula bwinobwino muzimumva. Mukavula mahedifoni m'khutu mukulira "tsiii", kapena mawu a anthu akumveka ngati ali kuseri kwa chitseko, mwapyola. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Malo owonongera makutu kwambiri si pothamanga, ndi m'minibasi, momwe munthu amalimbana ndi injini komanso sipika ya dalaivala. M'menemo ndi bwino kungozimitsa.

Wailesi ya FM pamwamba pano imagwira bwino chifukwa cha kutalika kwa malo. Chingwe cha mahedifoni ndicho eriyo yake, ndiye chikakhala chokulungidwa m'thumba mumangomva phokoso. Chitambasuleni. Pa chifukwa chomwecho, ndi mahedifoni a Bluetooth wailesi siigwira. Bluetooth ili ndi khalidwe linanso: m'nyumba imalira bwino, pabwalo n'kumadukaduka. Mafunde ake a 2.4 GHz sadutsa bwino m'thupi la munthu, lomwe ndi madzi ambiri. M'nyumba amagunda zipupa n'kufika kukhutu mozungulira, koma pamtetete palibe chowabweza. Kachipangizo kakhale pamwamba, pakolala kapena pamkono, osati m'thumba la kumbuyo.

Lamulungu, panjira

Liwonde, Mangochi, Monkey Bay, kenako kukhotera ku Cape Maclear. Kuchoka kozizira kufika kotentha tsiku limodzi. Chikwama chokhala ndi mabatire chisakhale padzuwa kuseri kwa galasi la galimoto.

Lolemba, ku Cape Maclear

M'madzi Bluetooth siyenda ngakhale chikhato chimodzi, choncho chosambira nacho chiyenera kusunga nyimbo m'kati mwake. Zodziwika ndi ziwiri. Sony NW-WS413 ili ndi 4GB ndipo imalowa m'khutu. Opanga amalola kuya kwa mamita 2 kwa mphindi 30. Shokz OpenSwim nayo ndi ya 4GB, koma imakhala pafupa, khutu lili pululu. Pabokosi funani IPX8 kapena IP68. IPX7 imangotanthauza kuti kakagwera m'madzi akuya mita imodzi kapirira mphindi 30, si chilolezo chosambira nako tsiku ndi tsiku.

Zolowa m'khutu zimabwera ndi timalabala tamitundu iwiri. Tosambira tili ndi kachikopa kopyapyala kotseka bowo. Mukalowa m'madzi ndi tapamtunda, madzi amafika pasipika, mawu n'kuzimiririka mpaka ziume. Valani makutu akadali ouma, muli pamchenga, ndipo zikanikizeni mpaka phokoso la mafunde lichepe. Dontho limodzi likatsekeredwa mkati, nyimbo imamveka ngati ili pansi pa bulangete ulendo wonse. Lamba wa magalasi osambirira adutse pamwamba pake kuti zisavuke, ndipo musadumphire m'madzi kuchokera pamwala kapena m'boti. Zapafupa zili ndi zake zodabwitsa: mutu ukamira zimamveka bwino kuposa pamtunda, makamaka mukatseka makutu ndi zotsekera. Nyimbo zosambira zikhale zodekha, chifukwa mikono siingatsate 170, ndipo sankhani foda musanalowe popeza palibe sikirini yoti muyang'ane.

Gombe la Chembe ndi la asodzi ndi maboti a injini opita ku chilumba cha Thumbi, ndipo mutu wa munthu wosambira suoneka patali. Makutu akatsekedwa injini simuimva bwino. Sambirani motsata gombe, mutamangirira chinthu choyandama cha mtundu wowala m'chiuno, wina akukuyang'anani kumtunda. M'mawa ndi bwino, mwera usanadzutse mafunde. Kumbukiraninso kuti madzi a kuno ali ndi likodzo. Pakatha milungu 6 mpaka 8 pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi.

Mukatuluka, tsukuluzani ndi madzi a pampopi ngakhale nyanjayi ilibe mchere, chifukwa mchenga umalowa m'mphepete mwa mabatani, ndipo mafuta odzola podziteteza kudzuwa amafewetsa labala. Vulani timalabala, gugudani mbali ya sipika pakansalu kouma kangapo, siyani pamthunzi. Tizitsulo totchajira tiume kaye, ola limodzi kapena kuposa, musanalumikize kumagetsi. Mukatchaja tili tonyowa timachita dzimbiri msanga, kenako kompyuta imasiya kukazindikira kachipangizoko. Tikayamba kuda, tipukuteni pang'onopang'ono ndi kathonje konyowetsa ndi spirit, kapena ndi labala yofufutira pensulo.